Galimoto ya Chipsepse ndi Munthu Wosatembenuka

Ntchito yanga ku Joni kuno ndi nkhope za anthu akufa. Ndimagwira m'kontena ina pafupi ndi siteshoni ya Mabopane, momwe timasindikiza zithunzi pa masikipa, pa makapu ndi pa timapepala ta mwambo wa maliro. Anamfedwa amabwera ndi chithunzi cha malemu pa foni, kawirikawiri chojambulidwa paphwando, malemuwo atagwira botolo, diso limodzi litatsinzina. Ine ndimachotsa botololo pa kompyuta, n'kutsegula disolo, n'kuwaveka suti ndi tayi, kumbuyo kwawo n'kuikako mitambo. Alipo azibambo ambiri m'Mabopane amene suti yawo yoyamba anaivala atamwalira, ndipo telala wake ndinali ine.

Kwathu ku Ntaja, ife Asilamu sitiika nkhope pamanda. Timaunjika dothi, kuwerenga dua, pemphero lathu, n'kubwerera kunyumba. Choncho ntchitoyi ndimaidziwa ndi manja okha. Musandifunse chifukwa chake munthu amafuna kuti malemu azimuyang'ana kuchokera pa kapu ya tiyi, poti mpaka lero sindinamvetse.

Ndimakhala ku Capital Park, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina yakale. M'chipinda choyandikana ndi changa munkakhala bambo wina wachikulire amene tonse pabwalopo tinkangowatchula kuti Madala. Anabadwira ku Bulawayo, koma abambo awo anachokera ku Dedza wapansi kukafuna ntchito kwa azungu. Madalawo sanapondepo m'Malawi, komabe akamatchula dzikolo ankati kumudzi, ndipo Chichewa chawo chinali chachikale, chosakanikira ndi Chindebele. Pakati pa sabata ankatchetcha kapinga ndi kudulira maluwa m'nyumba za anthu, Lamlungu n'kuvala jekete kupita kutchalitchi. Ine ankanditcha mwana wa kwathu, ngakhale Dedza ndi Machinga ndi kutali ndithu.

Lamlungu lina masana ndikuchapa pampope, anabwera n'kutola kamtengo, n'kuyamba kujambula padothi.

"Mwana wa kwathu, tayang'ana apa. Ichi n'chiyani?"

Ndinapukuta thovu m'manja n'kuwerama. "Mlamba," ndinatero.

"Ndi galimoto."

"Galimoto yanji ya mchira, Madala?"

"Si mchira. Ndi chipsepse, chili pamsana, chakumbuyo uku." Kenako anajambula timizere titatu tozungulira kumutu kwa mlambawo. "Awa ndi maso. Atatu, lina pakati."

Ndinaloza kumutuko, kufuna kuonetsa kuti ndikutsatira. "Injini ili apa."

"Ayi. Apo amaikapo masutikesi. Injini ili kumchira."

"Mwati si mchira, Madala."

"Usandisokoneze," anatero, ngati wosokoneza ndinali ine.

Mutu wanga unaima. Akanakhala munthu wakumwa ndikanati adutsira kwina pochokera kutchalitchi, koma Madala ankamwa tiyi yekha, wopanda ngakhale mkaka. Ndinasiya zochapazo n'kukhala pa ndowa kuti andifotokozere bwino.

Nkhani yake inali yotere. Abambo awo anamwalira iwo akadali pasukulu, ndipo manda awo ku Bulawayo anakhala zaka zonsezi opanda chiliza. Tsopano Madala ndi mwana wawo wamkazi, amene amaluka tsitsi ku Mamelodi, anali atagula mwala kuno ku Pretoria. Mwalawo unali utasemedwa kale, mawu atalembedwa, koma pamwamba pake panali malo ozungulira ngati dzira, oyembekezera chithunzi. Chithunzicho ndiye panalibe. Chimodzi chokha chimene malemuwo anajambulitsapo chinali cha pa chitupa, ndipo chitupacho anapita nacho m'manda, m'thumba la jekete imene anawaveka.

Koma panali mwayi umodzi. Malemuwo ankagwira ntchito kwa mzungu wina wochokera ku Ulaya, wolankhula Chingelezi chothyokathyoka, amene anabwera ndi galimoto yachilendo ija pa sitima ya pamadzi. M'tauni monse munalibe ina yofanana nayo. Tsiku lina anthu ojambula kanema, amene Madala ankati a bayisikopo, anabwera kudzaijambula panyumbapo, ndipo malemuwo ankakonda kuuza anzawo kuti iwonso analowamo m'bayisikopomo. Filimuyo m'banjamo panalibe anaionerapo. Dzina lake sankalidziwa, la galimotoyo sankalidziwa, la mzunguyo ankalitchula mwa njira yoti kompyuta singalimve.

"Iwe umadziwa za makina," anatero Madala. "Ukapeza galimotoyo, wapeza abambo."

Ndinavomera chifukwa mkulu sakanidwa ali chiimire, koma mumtima ndinkati madalawa akundituma kukatunga madzi ndi dengu. Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ndinatsegula laputopu yanga pakhonde n'kulemba m'Chingelezi changa cha pa Ntaja kuti galimoto yakale, nyali zitatu, injini kumbuyo, filimu yakale. Ndinkayembekeza kuti sipatuluka kanthu, ndiwauze kuti ndayesa, nkhani ithe. Zimene zinatulukazo zinandikhalitsa kakasi.

Kodi mukudziwa kuti kunja kuno kuli anthu, achikulire ndithu, a mabanja awo, amene amakhala pansi kuonera mafilimu akale opanda mtundu, osati kuti amve nkhani yake, koma kudikira kuti galimoto yosowa idutse? Ikadutsa amadula kachidutswa kameneko n'kukaika pa intaneti, anzawo n'kuyamba kukangana m'munsimo za zogwirira zitseko. Ndinaphunzira kwa iwowo kuti nkhondo yaikulu isanayambe kunali amisiri ena amene ankaumba magalimoto oterera, oti mphepo izingodutsa osawagwira. Ambiri anapangidwa ochepa chabe, ena anaphwanyika, ena anadyedwa ndi dzimbiri, moti ena malo okha amene ungawaone akuyenda ndi m'mafilimu amenewa.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana tinkakhala pakhonde, Madala atavala magalasi awo omanga ndi ulusi, ine ndikudina. Tinaona galimoto yonga dzira, ya mawindo kuzungulira. Tinaona ina yaitali ya matayala atatu, yotembenuka pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Ina inali ngati bwato lovundikira, matayala ake obisika, moti inkaoneka ngati ikukwawa ndi mimba. Pafupifupi iliyonse ndinkalephera kudziwa kutsogolo kwake mpaka itayamba kuyenda, ndipo ikayamba, inkapita mbali imene sindinayembekezere.

Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri n'chakuti zinthu zakale chonchi zinkaoneka ngati za mawa. Anthu ake ovala zipewa za makolo, misewu yake yodutsa mahatchi, koma galimoto ngati yatsika kumwezi. Lolemba m'mawa ndikafika pa renki ya Mabopane n'kuona matekisi athu onga mabokosi a sopo atandandalika, ndinkadzifunsa kuti kodi dziko linapita kutsogolo kapena linabwerera m'mbuyo. Ndinafunsapo mnzanga wa kuntchito funso limeneli, iye anangoti ndichepetse kuonera zinthu za azungu.

China chinkandipsetsa mtima. Tizidutswato tinkatha galimoto ikangochoka. Mkazi akukuwa m'galimoto, mwamuna wa chipewa chakuda akuiyendetsa mwaliwiro, apolisi ali pambuyo, basi kwatha. Kodi anamupulumutsa? Kodi anali mkazi wake? Palibe anandiuza. Ndili ndi nkhani zambirimbiri m'mutu muno zopanda mutu ndi mchira, ndipo onse oyendetsa magalimoto amenewa ankaoneka ngati akuba kapena madokotala openga. Madala zimenezo analibe nazo ntchito. Ankangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Si imeneyo. Pita kwina." Ndikadandaula kuti bandulo ikutha ndipo maso andiwawa, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ya chipsepse ija tinaipeza ndithu, ndipo inalidi monga anaijambulira padothi, maso atatu, msana wotsetsereka, chipsepse chitaima kumbuyo. Ndinachita manyazi pang'ono chifukwa cha mlamba uja. Koma inkaoneka m'misewu ya miyala, pena pa chipale chofewa, pena itanyamula asilikali a makhoti aatali. "Mtundu wake ndi womwewu," ankatero Madala, "koma si yathu. Yathu sinaonepo chisanu chotere." Ndinadabwa kumva akuti yathu, galimoto imene sanaloledwe kuikwera ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye Lamlungu lina, mitengo ya jakaranda itayamba kuthothola maluwa mumsewu wathu, ndinadina kachidutswa kena kamene woika wake analemba kuti sakudziwa filimu yake kapena dziko lake. Dzuwa m'menemo linali lowala kwambiri. Panali nyumba yaifupi ya khonde lalikulu ndi mtengo pambali. Galimoto ya chipsepse inalowa pageti n'kuima. Munatuluka mzungu wamwamuna ndi mkazi wa chipewa chachikulu, akuseka, n'kukwera masitepe kulowa m'nyumba. Kamera sinawatsatire msanga. Kuchokera chakumanzere kunatulukira munthu wakuda, wovala jekete yoyera ndi kabudula, wopanda nsapato, atatifulatira. Anasolola kansalu kumbuyo kwa lamba wake n'kuyamba kupukuta chipsepse chija. Ali mkati mopukuta anaimira mwendo umodzi, n'kukanda katumba ndi chala cha phazi linalo. Pomwepo kachidutswako kanatha.

Madala anaimirira n'kuvula chipewa.

"Abambo," anatero, motsitsa mawu, ngati akuopa kuwadzidzimutsa.

Ndinabwezera kachidutswako. Ndinabwezeranso. Tinaonera mpaka tiyi wawo anazizira, iwo ali chiimire, chipewa chili pachifuwa. Ine ndinasangalala kwambiri, sindibisa, ndipo ndinadziona ngati munthu wanzeru zedi m'Pretoria monse. Kenako anakhala pansi, napukuta magalasi awo, n'kunena modekha kuti, "Chabwino, mwana wa kwathu. Wagwira ntchito. Tsopano atembenuze."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

"Madala, sizitheka zimenezo. Kamera inajambula mbali imodzi yokha."

"Suja unamuveka suti mlonda uja anamwalira ali ndi ovolosi yokha?"

"Ndinamuveka."

"Suja unawatsegula maso mayi aja a kwaya?"

"Kutsegula maso n'kwina, kutembenuza munthu n'kwina."

"Kusiyana kwake n'kotani? Munthu sakhala ndi msana wokha. Nkhope ilipo, ili mbali inayo. Iwe ungoipitira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere, koma ndinapeza kuti kusiyanako sindikutha kukunena bwino. Maso a mayi a kwaya aja ndinawatenga pa chithunzi cha mng'ono wawo. Suti ya mlonda inali ya munthu wina wa pa intaneti amene sindimudziwa. Anthu ankandiona ndikuchita zimenezi tsiku ndi tsiku n'kumandithokoza kuti ndawabwezera m'bale wawo monga analili. Nanga Madala akanaleka bwanji kukhulupirira kuti ndingathe kuzungulira kuseri kwa munthu? Ndinangoti ndiyesa.

Ndinayesadi. Kuntchito, makasitomala akachepa, ndinkayendetsa kachidutswako pang'onopang'ono, kuyembekeza kuti mwina penapake munthuyo acheuka ngakhale pang'ono. Sanacheuke. Khutu lokha ndi limene linaonekera, ndi kachigawo ka tsaya. Kenako ndinaona kuti thupi la galimotoyo linali lonyezimira, ndipo pamene ankapukutapo pankaoneka kachithunzithunzi kake. Ndinakakulitsa. Chinatuluka chinthu chachitali chopindika, ngati nkhope yako ukadziyang'ana pa ketulo. Nditakulitsanso, chinasanduka timabokosi totuwa. Amisiri aja anaumba galimoto yawo mopanda malo athyathyathya ngakhale amodzi, ndipo tsiku limenelo ndinawatukwana mumtima, iwo pamodzi ndi mphepo yawoyo.

Loweruka mwana wawo wamkazi uja anabwera kuchokera ku Mamelodi. Ndi mayi wachangu, wolankhula akuyenda, ndipo anandipeza ndisanavule n'komwe nsapato.

"Sawubona, achimwene, mwaswera? Eish, ndamva zoti mwapeza msana."

"Tapeza msana, achemwali."

"Msana sitingauike pamwala. Wa galimoto yonyamula katundu akunyamuka posachedwa, ku Bulawayo abale akonza kale tsiku lovundukula chiliza, abusa auzidwa. Manda onse oyandikana nawo ali ndi nkhope. Ife tokha tikavundukule bowo?" Anayang'ana kuchipinda cha abambo ake n'kutsitsa mawu. "Mverani. Aliyense amati Baba amafanana ndi agogo. Ajambuleni Baba, muwabwezere unyamata pa kompyuta yanuyo, muwaveke jekete yoyera. Ndani akadziwe?"

Nzeruyo ndinaiona yabwino, ndipo ndinadabwa kuti sinandibwerere ine. Ndinawajambula Madala ponamizira kuyesa kamera ya foni. Ndinachotsa makwinya, ndinadetsa tsitsi, ndinadzaza masaya, ndinachotsa mtundu wonse kuti chioneke chakale, mpaka ndinathiramo timadontho ngati ta filimu ija. Pa nkhope zonse zimene ndakonzapo, imeneyo ndiyo ndinaikonza bwino koposa. Tinawapatsa Lamlungu, mwana wawo ataima pambali, manja ali m'chiuno.

Madala anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchisendeza kufupi ndi kutali.

"Ameneyu ndikumudziwa," anatero, akuyang'ana mwana wawo. "Ndi uja ankavutitsa amayi ako pa mpope wa ku Makokoba, ku Bulawayo kuja, mpaka anamulola. Mnyamata wabwino, koma wamakani." Anandibwezera pepalalo. "Mukufuna mundiike pachiliza ndikupuma?"

"Baba, pliz," anatero mwana wawo. "Mumafanana nawo. Aliyense amanena."

"Aliyense ndani? Amene ankawadziwa onse anapita."

"Inuyo mumawadziwa! Tiuzeni pamene palakwika, achimwenewa akonze. Mphuno? Maso? Nenani!"

Madala anayang'ana pansi pamene anajambula galimoto tsiku lija. Kenako anati, "Sindikudziwa pamene palakwika. Nkhope ya abambo ndinaiwala."

Mwana wawo anakhala pa ndowa yanga yochapira n'kuyamba kulira mwaukali, kulira kwa munthu amene watopa. Ine ndinasowa poyang'ana. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti chithunzi cha pamwala chinali chifukwa chachiwiri. Madala ankafuna kuti munthu uja atembenuke kuti iwo amuone, ndipo ine ndinali nditawapatsa kalilole. Chisoni chinandigwira, komanso mkwiyo wosadziwa woukwiyira.

Pamwamba pa zonsezi panali chinthu china chimene ndinali ndisanawauze. M'munsi mwa kachidutswa kaja, akatswiri a zitseko aja anali akukangana za malo. Wina ankati ndi ku Kenya. Wina ankati nyumba zotere n'za ku Brazil, ndipo kumenekonso anthu akuda aliko. Wina ankati chiwongolero chili kumanzere, ndiye sikungakhale kumene Angelezi ankalamula, wina n'kumuyankha kuti galimoto yobwera ndi mwini wake imabwera ndi chiwongolero chake. Wotchula Bulawayo panalibe. Ndinakulitsa mtengo wa pambali pa nyumba ija n'kutuluka nawo mumsewu, foni m'manja, kuyerekeza masamba ake ndi a jakaranda, poti Madala ankati ku Bulawayo mitengoyi ndi yambiri. Anthu odutsa ankandiyang'ana ngati ndasokonekera. Masambawo ankafananadi. Ndinakondwa mpaka pamene ndinawerenga kuti mitengo imeneyi kwawo kwenikweni ndi komweko ku mayiko a Brazil. Maluwa ake akanandithandiza mwina, koma mu filimu yopanda mtundu duwa lililonse ndi lotuwa.

Ndinavutika nazo masiku angapo. Kuwauza kunali ngati kulanda munthu ndodo ali pakati pa mtsinje, koma kusawauza kunali kulola kuti mlendo wa ku Brazil akagone pamwamba pa munthu wa ku Dedza mpaka kalekale. M'mawa wina ndinawapeza akunola sizasi yawo yodulira maluwa, ndipo ndinawauza zonse, za Kenya, za chiwongolero, za mtengo.

Anamvetsera osasiya kunola.

"Iwe abambo ako unkawayang'ana m'maso?" anandifunsa.

"Ayi. Ndani angayerekeze?"

"Ifenso ayi. Akamalankhula tinkagwada, maso pansi. Kudya ankadya okha. Popita kutchalitchi iwo ankatsogola, amayi pambuyo, ife pambuyo pa amayi. Kuntchito kwa mzungu uja ndinkawaonera pa mpanda, iwo atayang'ana galimoto. Ndinakula ndikuona nkhongo, mapewa ndi zidendene. Ukandionetsa nkhope zambirimbiri sindingaloze, koma msana uwo ndaulondola mitunda yambiri." Anayesa sizasiyo pa kamtengo. "Kansalu ankaika kumbuyo kwa lamba, osati m'thumba. Ndipo mwendo uwo unkawayabwa chifukwa cha bala la moto la paubwana. Amayi ankawanena kuti amaima ngati kakowa."

"Nanga akakhala kuti ndi ku Brazil, Madala?"

"Mwina ndi ku Brazil. Azunguwo amadziwa zambiri. Koma munthuyo ndi abambo."

"Zingatheke bwanji zonse ziwiri?"

"Ine ndidziwa bwanji? Wa makina ndiwe."

Ndinapita kuntchito mutu uli ziii, mpaka ndinapitirira pamene ndimatsikira. Zimene ananenazo sizinkagwirizana, koma sindinapeze pozigwira kuti ndizitsutse. Ndinayesa kukumbukira nkhope ya abambo anga ine, amene zithunzi zawo ndili nazo m'foni, ndipo chimene chinabwera msanga chinali msana wawo ali panjinga, ine nditakhala pakaliyala.

Tsiku lomwelo ndinasankha chithunzi cha pamwala m'kachidutswa kaja, pamene munthu uja waimira mwendo umodzi, dzanja lili pa chipsepse. Ndinafuna kuidula galimotoyo kuti munthuyo akule, koma ukachotsa galimoto ankatsala munthu wogwira mphepo. Ndinaisiya. Sindinaike mitambo, sindinamuveke nsapato, ngakhale zala zinkandiyabwa kuti nditero. Ndinatumiza kwa osema miyala aja, ndipo pasanapite nthawi mayi wa kumeneko anandiimbira foni.

"Bhuti, mwatitumizira chithunzi cholakwika. Ichi ndi cha galimoto."

"N'chomwecho, mayi."

"Malemu ndi ati? Galimotoyi?"

"Amene akupukutawo."

"Koma atifulatira."

"Eya, atifulatira."

Mayiyo anati pa ntchito yawo waonapo zambiri, anthu ojambulidwa ndi agalu awo, ena ndi mpira, koma wofulatira anali asanamuonepo. Anafunsa kawiri ngati banja lavomera. Ndinati mwini bambo wavomera. Za mwana wamkazi sindinanene, poti iye anali atasiya kundiyankha mauthenga.

Mwana wawoyo anabwerabe Loweruka m'mawa pamene tinapita kukaona mwalawo usanakwezedwe. Anandipatsa moni wa pakamwa pokha. Bwalo la osema miyalalo linali lodzaza ndi ziliza zoyembekezera eni ake, chilichonse ndi nkhope yake, ena akumwetulira, ena atakwinya, angapo atavala masuti amene ndinawazindikira. Pakati pa anthu onsewo oyang'ana kutsogolo panali mwala wathu, ndi kagalimoto kake konga mlamba, ndi munthu woyang'ana kwina.

"Eish, Baba," anatero mwana wawo. "Anthu akaseka."

Madala anayandikira mwalawo n'kuwerama pang'ono. Pachithunzipo panali fumbi la miyala. Anapisa dzanja kumbuyo, nasolola kampango kamene anakapanikiza pa lamba, n'kuyamba kupukuta, kuyambira pa chipsepse. Ife tinali kumbuyo kwawo. Ndikuyang'ana choncho ndinaona phazi lawo lamanja likunyamuka, nsonga ya nsapato n'kukakanda katumba wa mwendo wamanzere, iwo ataimira mwendo umodzi, osagwedezeka.

Mwana wawo anandigwira mkono mwamphamvu. "Achimwene," ananong'ona.

Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinaona. Mwina ankaima choncho moyo wawo wonse, ine osazindikira, poti ntchito yanga inandizoloweza kuyang'ana anthu kumaso. Mwina anatengera kwa munthu wa mu filimu uja, amene tinamuonera mobwerezabwereza mpaka kulowa m'mafupa. Ndinafunsa mwana wawo pambuyo pake ngati abambo ake ankatero kale, iye anati sakudziwa, sanayambe wawayang'anitsitsa kumbuyo. Chimene ndinachita pa nthawiyo n'kutulutsa foni n'kuwajambula, iwo osadziwa.

Mwalawo unakwezedwa m'galimoto ya katundu ija masana, atawukulunga m'mabulangete, ndipo Madala anakwera nawo. Ine ndi mwana wawo tinayenda limodzi kupita kokwerera matekisi. Tekisi ya ku Mamelodi itatsala pang'ono kudzaza, iye anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, chithunzi mwajambula chija munditumizire."

"Chabwino, achemwali. Ndiyambe ndachiwalitsa pang'ono, chada, komanso kumbuyoko kuli zinyalala."

"Ayi," anatero. "Musachikonze. Musachotsepo kanthu. Nditumizireni mmene alilimo."